Kautsi ka pambali pa Akamwiniatsatana: kumene nyenyezi zikubadwira

Usiku wina mu Januwale mvula inagwa masana onse n'kukata cha m'ma 7 koloko, kenaka magetsi anazima kwathu ku Matawale. Mitambo itang'ambika, thambo linatsala loyera ngati mbale yotsukidwa kumene. Ndinatulutsa mabainokyula anga n'kuitana mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Fomu 3. Ndinamusonyeza Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija, kenaka kamzere kena ka nyenyezi zozimirira kamene kali chakumwera kwake. "Yang'ana yapakatiyo," ndinatero. Anayang'ana kanthawi, n'kutsitsa manja.

"Amalume, ndi kautsi chabe. Nanga zofiira zili m'foni mwanu zija zili kuti?"

Funso lake linali lachilungamo. Zithunzi za matelesikopu a Hubble ndi James Webb zatizoloweretsa mitambo yofiira, yabuluu ndi yagolide. Munthu akaika diso pagalasi koyamba n'kupeza kanthu kotuwa ngati mpweya wa pakamwa m'mawa wa mu Juni, amaona ngati wanamizidwa, ndipo ambiri amalekera pomwepo. Ine zimandiwawa, chifukwa m'kautsi kameneko muli nyenyezi zimene zikubadwa, ndipo malo owala kwambiri a mtundu umenewu amadutsa pamutu pathu penipeni ife a ku Zomba.

Akatswiri a zakuthambo amakatcha nebula, liwu la Chilatini lotanthauza nkhungu. Pakati pa nyenyezi ndi nyenyezi inzake pali mpweya wopyapyala kwambiri, wochuluka wake ndi haidrojeni, wotsatira ndi hiliyamu, komanso fumbi losalala ngati mwaye, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 a kulemera kwake. M'malo ena mpweyawu umaunjikana n'kukhala mitambo ikuluikulu yamdima, yozizira mpaka madigiri 260 pansi pa ziro. Kuzizirako ndiye chiyambi cha zonse. Mpweya wotentha umabalalika, koma wozizira umakhala phee, ndiye mphamvu yokoka, yomwe ija imagwetsa bango mumtengo, imapeza mpata wousonkhanitsa. Mtambowo umayamba kuchita mibulu ngati phala losavundulidwa bwino. Mbulu uliwonse ukamakula umakoka mpweya wina, n'kumadzifinya wokha. Aliyense amene anapopapo tayala la njinga amadziwa kuti pampu imatentha kunsi kwake. Mpweya ukafinyidwa umatero. Pakati pa mbuluwo pakatentha mpaka madigiri pafupifupi 10 miliyoni, maatomu a haidrojeni amayamba kulumikizana n'kusanduka hiliyamu, ndipo kulumikizanako kumatulutsa mphamvu yoopsa. Apo ndiye kuti nyenyezi yayaka. Dzuwa lathuli linabadwa chomwechi zaka 4.6 biliyoni zapitazo.

Nyenyezi sizibadwa imodziimodzi. Mtambo umodzi umabala mazana kapena masauzande, zambiri zing'onozing'ono, zowerengeka zokha zikuluzikulu. Zikuluzikuluzo ndi zimene zimatiulula malowo. Zimatentha kwambiri moti kuwala kwake kochuluka ndi kwa ultraviolet, kosaoneka ndi maso, ndipo kukagunda haidrojeni wozungulira kumathothola maelekitironi, tizigawo ting'onoting'ono ta kunja kwa atomu, pa maatomu ake. Elekitironi ikabwerera pamalo pake imatulutsa kuwala, choncho mpweya wonsewo umayaka wokha. Tsono chimene mtsikana uja anachitcha kautsi ndi mpweya woyaka, wotalika zaka za kuwala pafupifupi 24 kuchokera mbali ina kufika inzake, ndipo uli pa mtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 1,350. Chaka cha kuwala ndi muyeso wa mtunda: kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, kuchoka kudzuwa kufika kuno kumatenga mphindi 8 zokha, ndipo pa chaka kumadya makilomita pafupifupi 9.5 thiriliyoni.

Nebula imeneyi imadziwika kuti Orion Nebula kapena M42. Ndikafuna kuimvetsa ndimakumbukira uvuni wa njerwa usiku. Mulu wonsewo umakhala bii, moto n'kumaonekera pa makomo pokha, chonsecho njerwa zikupsera m'kati. Kumbuyo kwa M42 kuli mtambo waukulu wamdima, ndipo chowalachi ndi phanga limene nyenyezi zinayi zaboola kumbali yoyang'ana kwathu kuno. Zinayizo zimatchedwa Trapezium, ndipo telesikopu yaing'ono imazilekanitsa bwinobwino, timadontho tinayi tothithikana. Galileo anaonapo zitatu mu 1617. Yaikulu mwa izo imalemera kuposa dzuwa maulendo oposa 30, ndipo ndiyo imagwira ntchito yaikulu yoyatsa mpweyawo. Pozungulira pake pali nyenyezi zoposa 2,000, zambiri za msinkhu wa zaka miliyoni imodzi kapena kucheperapo, makanda enieni poyerekeza ndi dzuwa. M'zaka za m'ma 1990 Hubble inajambula zina mwa izo zitazunguliridwa ndi fumbi lophwatalala ngati lichero, zipangizo zopangira mapulaneti. M'kati mwa mdima wa kumbuyowo muli zinanso zimene sizinatulukire poyera. Imodzi inapezeka mu 1967 ndi Eric Becklin ndi Gerry Neugebauer pogwiritsa ntchito kuwala kwa infrared kumene kumapyola fumbi.

Nanga kufiira kuja kumapita kuti? Kulipo ndithu, koma diso lathu ndi limene limakuphonya. Kuseri kwa diso kuli maselo a mitundu iwiri. Ena amagwira ntchito masana ndipo amazindikira mitundu ya zinthu, koma amafuna kuwala kokwanira. Ena ndi a usiku, amamva ngakhale kuwala kochepetsetsa, koma sadziwa mtundu, ndipo kufiira sakumva n'komwe. N'chifukwa chake chitenje chofiira chimaoneka chakuda pa mwezi. Haidrojeni woyaka amawala kwambiri pa mlingo wa mananomita 656 (nanomita ndi muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala, kumene kumasiyanitsa mitundu), komwe ndi kufiira kwa magazi, ndiye maselo a usiku amangokudutsa. Kamera ilibe vuto limenelo, komanso imatha kutsegula diso lake masekondi kapena maola ambiri n'kumaunjika kuwala, pamene diso la munthu silisunga kanthu. Usiku uja tinatsamiritsa foni pa njerwa, n'kuitchera kuti ijambule zausiku kwa masekondi angapo. Pachithunzipo panatuluka kadontho kofiirira, ndipo mtsikanayo anakhulupirira.

Chimene diso limagwira ndi kuwala kwina, kobiriwira, ndipo kuli ndi mbiri imene ndimaikonda. Mu 1864 William Huggins wa ku London anamwaza kuwala kwa nebula ina ndi galasi la mbali zitatu, monga mmene madontho a mvula amamwazira kuwala kwa dzuwa kukhala utawaleza. M'malo mwa utawaleza wathunthu umene nyenyezi zimapereka, anaona timizere towala towerengeka. Umenewo unali umboni woti manebula ena ndi mpweya, osati nyenyezi zothithikana zakutali monga ambiri ankaganizira. Posakhalitsa anapeza zomwezo pa nebula ya Orion. Koma kamzere kowala koposa, kobiriwira, pa mananomita 501, sikankafanana ndi mpweya uliwonse wodziwika pansi pano. Ena anati ndi chinthu chatsopano n'kuchipatsa dzina loti nebulium. Sanali kulota: hiliyamu nayenso anayamba kuonekera mu kuwala kwa dzuwa mu 1868, n'kudzapezeka padziko mu 1895. Koma nebulium sanapezeke. Mu 1927 Ira Bowen wa ku California anamasula mfundoyo: anali okosijeni yemweyu timapumayu, wothotholedwa maelekitironi awiri. Kuti atomu yotere itulutse kuwala kobiriwirako imafunika kukhala masekondi ambiri osagundidwa ndi inzake. Mumpweya wathu uno maatomu amagundana kabiliyonibiliyoni pa sekondi, ngati anthu mumsika wa Zomba kumapeto kwa mwezi, ndiye mpata umenewo supezeka. Mu nebula, malo aakulu ngati nsonga ya chala muli maatomu mazana kapena masauzande owerengeka basi, ndipo iliyonse imakhala payokha mpaka itawala. Zinangochitika mwamwayi kuti maselo athu a usiku amamva bwino koposa pa mlingo womwewo wa mananomita 500. Ndipo M42 mu telesikopu yokulirapo imaoneka yotuwa mobiriwirira.

Mukadziwa zimenezi, kayang'anidwe kake kamamveka kokha. Maselo a usiku amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti akhwime mumdima, ndipo kungoyatsa foni kamodzi kumabwezera zonse pachiyambi. Ngati mukufuna kuunika, mangani pepala lofiira la pulasitiki pa tochi. Pulogalamu ya Stellarium, imene imasonyeza thambo la malo anu, ilinso ndi batani losandutsa zonse kukhala zofiira. Chachiwiri n'chakuti maselo a usikuwo mulibe pakati penipeni pa diso, ali cham'mbali. Choncho nebula simuiyang'ana maso ndi maso. Mumaiyang'ana mozemba, monga mkamwini wamwambo akakumana ndi apongozi panjira. Lozetsani diso pa nyenyezi ya pambali, maganizo ali pa kautsiko, ndipo mudzaona mapiko ake akufutukuka, ndi kamdima kolowerera kumbali imodzi. Khalanipo mphindi 10. Zimene zimatuluka pa mphindi yachisanu ndi chiwiri simungazione pa yoyamba.

Za zipangizo ndinene mwachidule. Mabainokyula a 7x50 kapena 10x50 ndi okwanira. Nambala yoyamba ndi kukuza, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita, ndipo yachiwiriyo ndiyo yofunika chifukwa ndiyo imasonkhanitsa kuwala. Tsamiritsani zigongono pa khoma, kapena gonani chagada pamphasa. Matelesikopu ang'onoang'ono olembedwa 500x pa katoni musawatayire ndalama. Manebula ndi zinthu zotambalala ndi zozimirira, zimafuna galasi lalikulu ndi kukuza kochepa. Ndipo sankhani masiku amene mwezi uli kumdima.

Tsopano za malo athu. Zomba ili madigiri 15 kumwera kwa ikweta, ndipo zimenezi zikutanthauza kuti chilichonse chimene chili madigiri 15 kumwera pa thambo chimadutsa paliwombo pathu. Chinthu chikakhala pamwamba chotere kuwala kwake kumadutsa mumpweya wochepa, fumbi ndi utsi wochepa, ndiye chimaoneka bwino. M42 imakwera mpaka madigiri 80 kuchokera pachizimezime (paliwombo ndi madigiri 90), cha m'ma 9:30 usiku pakati pa Januwale. Tsoka lake ndi loti imeneyo ndi nyengo ya dzinja, ndipo mutha kudikira sabata yathunthu mitambo ili gwa. Koma usiku umodzi wotsatira mvula umaposa usiku khumi wa chilimwe.

Nyengo yomweyo, mukayang'ana kumwera muli pamalo amdima, mudzaona kamtambo kamene sikayenda ndi mphepo, ngati chibenthu cha Mlalang'amba chimene chinagwera pambali. Umenewo ndi mlalang'amba wina pawokha, Large Magellanic Cloud, pa mtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 160,000. M'mphepete mwake mabainokyula amaonetsa kadontho kaubweya, Tarantula Nebula. Kuti ioneke pa mtunda wotere ndiye kuti ndi chinthu choopsa. Ikanakhala pamene pali M42, bwenzi ikutichititsa zithunzithunzi pansi usiku. Pafupi ndi pomwepo ndi pamene nyenyezi inaphulika mu Febuluwale 1987, n'kuoneka ndi maso kwa miyezi ingapo. Kuno Tarantula imangokwera madigiri 36, choncho imafuna kumwera kopanda nyale.

Ine pa zonsezi mtima wanga uli pa Carina Nebula. Mabuku ambiri a zakuthambo analembedwa kumpoto, ndipo amatamanda M42 ngati mfumu, koma n'chifukwa choti Carina kwawoko siituluka n'komwe. Chilembo M chija chikuimira Charles Messier, Mfalansa wosaka nyenyezi zamichira, amene anayamba kusindikiza mndandanda wa tinthu taubweya ta kuthambo mu 1774 kuti tisamamusokoneze. Ankaonera ku Paris, ndiye Carina mulibemo. Amene anailemba koyamba ndi Nicolas-Louis de Lacaille, ali ku Cape mu 1752. Ili pa mtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 7,500, kutali kuposa M42 maulendo oposa asanu, komabe pathambo imatambalala ngati miyezi inayi yoikidwa pamzere, pamene M42 ndi ngati iwiri. Nthawi yake ndi Malichi mpaka Meyi, mvula ikamatsazika. Pakati pa Epulo cha m'ma 9 koloko yang'anani kumwera, mupeze nyenyezi zinayi zowala zimene zimaoneka ngati mtanda, kenaka muyeze chibakera chimodzi ndi pang'ono kudzanja lamanja, mkono mutautambasula. Pali chigamba chowala mu Mlalang'amba, pakatikati pa chizimezime ndi paliwombo. M'mabainokyula mudzaona msewu wakuda wamphanda utagawa mtambowo, ndipo nyenyezi zili mbwee ngati mchenga wa ku Chilwa. Mdimawo ndi fumbi lozizira lotchinga kuwala kwa kumbuyo, mtundu womwe uja wa mtambo umene umabala nyenyezi. Fumbi lotere lilinso pambali pa mtandawo, chigamba chakuda bii chotchedwa Coalsack, chooneka ndi maso okha.

Pafupi ndi mphanda ya msewu wakudawo pali kanyenyezi ka mtundu wa lalanje. Ndi Eta Carinae, nyenyezi ziwiri zozungulirana pa zaka zisanu ndi theka, yaikuluyo yolemera pafupifupi madzuwa 100, zonse pamodzi zowala kuposa dzuwa maulendo oposa 4 miliyoni. Mu 1837 John Herschel, ali ku Cape, anaiona ikuyamba kuwala modabwitsa. Pofika Malichi 1843 inali yachiwiri pa nyenyezi zonse za usiku, yoposedwa ndi Sirius yekha. Apa n'kuti kutatsala zaka 16 kuti David Livingstone afike pa nyanja ya Chilwa mu 1859, ndiye makolo amene ankakhala m'tsinde mwa phiri lino anali nayo pamaso pawo usiku uliwonse wa masika. Inasanza mpweya wolemera kuposa madzuwa 10, kenaka inazimirira mpaka kusaonekanso ndi maso, ndipo m'zaka zapitazi yakhala ikuwalanso pang'onopang'ono. Nyenyezi zikuluzikulu chotere zimangokhala zaka mamiliyoni owerengeka, ndiye zimafera pamalo pomwe zinabadwira. Iyi idzaphulika, ndipo zotsalira zake zidzasakanikirana ndi mtambo womwewo umene ukubala zina.

Nyengo yozizira imabweretsa gulu lina. Mu Julayi ndi Ogasiti pakati pa Mlalang'amba pamakhala pamutu pathu. Pezani nyenyezi zopindika ngati chinkhanira, zokhala ndi nyenyezi yofiira Antares pachifuwa, mutsate mpaka kumbola, kenaka muyeze chibakera chimodzi ndi theka chakumpoto motsata Mlalang'amba. Mupeza Lagoon Nebula, M8, yooneka ndi maso ngati kachigamba kotalika. Ku London imangokwera madigiri 14. Kuno imafika 81. Pambali pake pali Trifid, yaing'ono, imene ili ndi mitundu yonse itatu pamodzi: mpweya woyaka, fumbi lobweza kuwala kwa nyenyezi, ndi fumbi lakuda. Chibakera china chakumpoto ndi Omega Nebula, M17, yooneka ngati bakha pamadzi mu telesikopu, ndipo iyi imadutsa pafupifupi digiri imodzi yokha kuchokera paliwombo pa Zomba, cha m'ma 8:30 pakati pa Ogasiti. Yoyandikana nayo ndi Eagle Nebula, kumene Hubble inajambula zipilala zotchuka za fumbi mu 1995. Zipilalazo musaziyembekezere m'mabainokyula; mudzaona kagulu ka nyenyezi ndi kankhungu pang'ono.

Adani a nyengo imeneyi tonse timawadziwa. Chiperoni chikabwera phiri limafunda nkhungu masiku awiri kapena atatu. Kuyambira Ogasiti anthu akayamba kutentha tchire ndi kusosa minda, utsi umadzaza mlengalenga moti Mulanje amasowa ngakhale masana, ndipo manebula a m'munsi amasowa naye limodzi. Pamwamba pa phiri, kumene nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, munthu amakhala atausiya pansi wina mwa utsiwo, koma kumeneko mame amanyowetsa magalasi msanga ndipo kuzizira kwake sikwamasewera. Ku Emperor's View kum'mawa ndi kumwera n'kotseguka, ngakhale nyale za m'tauni zili m'munsi mwanu. Ine ndimakonda kutsikira kuchigwa, njira ya ku Kachulu kapena ya ku Jali, kumene mdima udakali wathunthu. M'tauni muno chimene chikutilanda thambo ndi mababu a chitetezo oloza m'mwamba. Kungowaveka kachipewa ka malata kuti aziunika pansi kumathandiza mwini nyumba ndi woyang'ana nyenyezi yemwe.

Kulikonse kumene mungapite, musapite nokha, ndipo ngati ndi kumudzi yambani mwadziwitsa amfumu ndi eni malo kukadali kowala. Munthu woima m'munda usiku ndi chida chachilendo amaganiziridwa zambiri. Tsiku lina ndili pa bwalo la sukulu ina, mlonda wachikulire anabwera ndi chibonga chake. "Bambo, mukufuna chiyani usiku uno?" Ndinawapatsa moni, n'kuwapatsanso mabainokyula. Maina achizungu sanawafune. Iwo ndiwo anandisonyeza Nsangwe, n'kundiuza kuti makolo awo ankayang'ana kagulu kameneko podziwa kuti nthawi yokonza minda yakwana. Ndinawauza kuti Nsangwe nazo zinabadwira mu mtambo umodzi zaka pafupifupi 100 miliyoni zapitazo, mtambowo unatha kalekale, koma izo zidakali pamodzi ngati ana a mimba imodzi. Anagwedeza mutu, n'kupempha kuti ayang'anenso kautsi kaja.

Amene sangathe kudikira kuti mitambo ya dzinja ing'ambike ali ndi njira ina. Nyenyezi iliyonse imafulumira kutuluka ndi mphindi 4 tsiku lililonse, ndiye kuti maola awiri pa mwezi, choncho thambo la madzulo a Januwale ndi lomwelo la mbandakucha wa Okutobala. Pakati pa Okutobala, cha m'ma 3:30 m'mawa, tambala woyamba atalira, Akamwiniatsatana amakhala ali pamutu. Utsi wa chilimwe umachepa mphamvu pamwamba chotere, nyale zambiri za m'nyumba zimakhala zitazimitsidwa, ndipo maso amene angodzuka kumene amakhala atazolowera kale mdima, bola musayatse babu potuluka.